Mabuku Asanu ndi Awiri a m'Baibulo la Malemu Amayi

Baibulo limene linabweretsa mkangano m'nyumba ya abusa Aaron Njobvu ku Kacholola silinali lawo. Linali la apongozi awo, amayi ake a Ezelina, amene anamwalira chaka chatha kumudzi wina pafupi ndi Minga. Amayiwo anabwera nalo kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Tsiku limene mudzi wawo unawotchedwa anathawa ndi Ezelina kumsana, mlongo wake Zakeyo akumukoka padzanja, ndipo pa katundu yense wa m'nyumba anangotola poto mmodzi ndi Baibulolo. Anakhala nalo kumsasa wa othawa nkhondo, ndipo anzawo atabwerera kwawo iwo anatsala nalo ku Petauke konkuno. Atamwalira, Zakeyo anatenga munda ndi njinga. Ezelina anapempha Baibulo lokha.

Linali Baibulo la Akatolika, lonenepa, la chikuto chakuda chosupuka m'makona. Ezelina anasiya Chikatolika pamene ankakwatiwa ndi Aaron, mbusa wa mpingo wa Kasupe wa Chisomo, choncho kutchalitchi sankapita nalo. Ankalisunga kuchipinda, ndipo ankalitsegula masana ena akawasowa amayi ake.

Amene analiona anali amayi Mildred, mkulu wa azimayi a mumpingomo. Ezelina atadwala malungo, iwo anabwera kudzamuona nalowa mpaka kuchipinda. Baibulo linali pampando pafupi ndi bedi. Analinyamula, natsegula patsamba la mayina a mabuku, nayendetsa chala pang'onopang'ono mpaka chalacho chinaima.

"Amai busa, ili ndi la ndani?"

"Ndi la malemu amai."

"Abusa akudziwa kuti lili muno?"

"Akudziwa."

Amayi Mildred analibweza pampando napukuta dzanja pachitenje. Pemphero limene anapemphera tsikulo linali lalifupi kwambiri.

Pasanapite nthawi uthenga unabwera kuchokera ku likulu la mpingo ku Petauke. Bishopu Godwin, amene anayambitsa mpingowo, anakonza msonkhano waukulu wachitsitsimutso pabwalo la mpira ku Nyimba. Aliyense anauzidwa kubweretsa chilichonse chodetsa nyumba yake kuti chiwotchedwe: zithumwa, nyanga, makolona, ndiponso Mabaibulo amene a Bishopu ankawatcha owonjezera, aja okhala ndi mabuku asanu ndi awiri amene mulibe m'Baibulo la mpingo wawo. Lamlungu, uthengawo ukuwerengedwa, azimayi a kutsogolo anatembenuka kuyang'ana Ezelina. Apo anadziwa kuti nkhani ya m'chipinda chake yafalikira kale.

Madzulo ake iye ndi Aaron ankatongola chimanga kuseri kwa nyumba. Ezelina anadikira kuti mwamuna wake ayambitse nkhaniyo, koma Aaron ankangoyang'ana zitsononkho.

"Atate a Tiwonge, ndiuzeni zoona," anatero Ezelina. "Mabuku amene akuti ndi owonjezelawo, anawonjezela ndani?"

"Si nkhani yapafupi, amake Tiwonge."

"Chimanga n'chambili. Nthawi ilipo."

Aaron anapumira m'mwamba. Anachita maphunziro a ubusa ku Lusaka, ndipo panali zinthu zina zimene anaphunzira kumeneko koma sanazitulutsepo paguwa.

"Baibulo silinagwe kumwamba lili losoka kale," anatero motsitsa mawu. "Anali mabuku osiyanasiyana, olembedwa ndi anthu osiyanasiyana, ena sitidziwa n'komwe maina awo. Akhristu oyamba ambili ankawelenga malemba akale m'Chigiliki, ndipo m'menemo munali mabuku amene ali m'Baibulo la amaiwa. Mipingo inkasiyana, uwu ukuwelenga buku ili, uwo ukulikayikila. Panapita zaka mazana atsogoleli asanakhale pansi kuti agwilizane. Misonkhano ina yoteleyo inachitikila mu Afilika muno, cha kumpoto."

"Ndiye kuti anachotsa ndi a mipingo yathuyi?"

"Patapita zaka zina zambilimbili, amene anapatuka pa Chikatolika ku Ulaya anati titsate mabuku amene Ayuda anasunga m'Chihebeli, ndipo m'menemo asanu ndi awiliwo mulibe. Anali ndi zifukwa zawo, sanali opusa. Poyamba sanawataye, anangowaika padela pakati pa Baibulo. Pambuyo pake osindikiza anasiya kuwaika."

Ezelina anasiya kutongola. "Nanga n'chifukwa chiyani kutchalitchi mumangoti Akatolika anawonjezela?"

"Ine sindinanenepo zimenezo."

"Koma ena akanena mumati ameni."

Aaron anatenga chimanga china nachifinya mwamphamvu mpaka njere zinathawira kutali.

Ezelina ankadziwa chimene chinkamanga lilime la mwamuna wake. A Bishopu Godwin anamupeza Aaron ali kondakitala wa minibasi, wamasiye wogona pa siteshoni ku Petauke. Anamutengera kunyumba kwawo, anamubatiza, anamutumiza kusukulu, ndipo ukwati wake anadalitsa ndi iwo omwe. Aaron ankawatcha atate, ndipo sankanena mwachizolowezi chabe.

Lachinayi a Bishopu anafika okha pagalimoto. Anali munthu wamkulu thupi koma wolankhula mofatsa. Ezelina anawapatsa tiyi wopanda shuga monga ankakondera, ndipo pamene ankati atuluke anamuuza kuti akhale, popeza nkhaniyo inali yakenso.

"Aaron mwana wanga," anayamba, "anthu akulankhula. Akuti tiwotche zathu pomwe m'nyumba ya abusa muli zomwezo. Ndiwayankhe bwanji?"

"Atate, Baibulo lija ndi la malemu apongozi. Ndiponso nkhani ya mabuku aja siili monga timainenela. Kusukulu..."

A Bishopu anakweza dzanja. "Zimene unaphunzila kusukulu ine ndinaziwelenga iwe usanamele ndevu. Za misonkhano ndikuzidziwa. Ndikudziwanso kuti m'Chipangano Chatsopano muli kalata imene mpaka lelo wolemba wake sadziwika, ndi mabuku ena amene anatsala pang'ono kusiyidwa kunja. Ukuganiza kuti ndine mbuli?"

Ezelina anaona nkhope ya mwamuna wake ikusintha. Aaron ankayembekezera kukangana ndi munthu wosadziwa.

"Ngati mukudziwa, atate, bwanji tikuwotcha?"

"Chifukwa ine ndimaweta anthu. Mai wa ku Sandwe amene waika mwana wake m'manda akatsegula Baibulo safuna kumva za misonkhano. Afuna kumva kuti Mulungu walankhula. Ukamuuza lelo kuti mabuku anasankha ndi anthu, mailo adzuka ndi funso lakuti kodi anasankha bwino. Ukhala wamulanda chogwila, ndipo sunamupatse china. Mpanda uyenela kuoneka pamene uli. Ine ndikhulupilila kuti Mzimu unatsogolela amene anachotsa mabuku aja."

"Akatolika nawonso akuti Mzimu unatsogolela amene anawasunga."

Kunja, pamsewu waukulu, lole inadutsa mpaka mawindo ananjenjemera. A Bishopu anamwa tiyi, naika kapu pansi mosamala.

"Ndakuganizila, chifukwa ndiwe mwana wanga. Sitiwotcha lonse. Loweluka udzaima kutsogolo ndi lezala, udzadula mabuku asanu ndi awiliwo, udzawaponya pamoto. Otsalawo amai busa adzabwelela nawo kunyumba. Anthu adzaona kuti abusa ayambila m'nyumba mwawo. Ukakana, sindingathe kukusunga paguwa, ndipo nyumba ino ukudziwa kuti ndi ya mpingo. Sindikukuopseza. Ndikukuuza kuti udziwiletu." Anatembenukira kwa Ezelina. "Amai busa, mwamva?"

"Ndamva, a Bishopu," anayankha. Sananene kuti wavomera, ndipo a Bishopu anamuyang'ana kanthawi asanaimirire.

Lachisanu foni ya Ezelina inalira ali kumjigo. Anali Zakeyo. Nkhani inali itafika kale ku Minga ndi azimayi ogulitsa tomato.

"Mlongo, zimene ndikumvazi n'zoona?"

"Alongo, dekhani. Nkhani ikali kukambidwa."

"Ikukambidwa chiyani? Amai anawoloka nalo malile zipolopolo zikulila, lelo mwamuna wako akalidule ngati nyama? Ndinakuuza kuti ulisiye kuno kwa eni ake. Mailo ndikubwela ku Nyimba ndi anyamata. Akangolikhudza, ndidzaiwala kuti ndi mlamu wanga."

Anadula foni Ezelina asanayankhe. Anasenza ndowa yake, madzi akumukhavukira pamsana. Zakeyo ankamudziwa. Sanali munthu wolankhula zinthu n'kuzisiya.

Loweruka m'mawa, pamene ankapatsa Aaron jekete, anakhudza kanthu kolimba m'thumba. Linali lezala latsopano, likadali m'pepala lake.

"Mudula?" anafunsa.

"Sindikudziwa."

"Atate a Tiwonge, tikukwela basi pompano."

"Ndati sindikudziwa!" Aaron sankakalipa kawirikawiri. Maso ake anali ofiira, ndipo kadzutsa sanamukhudze.

Ezelina analowa kuchipinda naima pafupi ndi Baibulo. Akanatha kulibisa kwa mnansi, kapena kulitumiza ku Minga pa minibasi. Koma akanatero anthu akanati mayi busa akubisa zamdima, ndipo Aaron akanagwabe. Panalinso china. Ankafuna kuona ndi maso ake chimene mwamuna wake adzachite. Analikulunga m'chitenje naliika m'chikwama.

Ku Nyimba dzuwa linali loswa mtengo. Bwalo linadzaza ndi anthu a mipingo yonse ya Kasupe wa Chisomo, ena atabwera pamalole kuchokera kutali. M'mbali munaima anthu ongodzaonerera, ogulitsa nthochi ndi mabeseni awo pamutu, anyamata a njinga zamoto. Kutsogolo kunali nsanja ya matabwa, zokuzira mawu zikulira ndi jenereta, ndipo pansi pa nsanjayo panali mgolo wachitsulo, moto ukulilima m'kati mwake.

A Bishopu analalikira mwamphamvu, ndipo anthu anayamba kubwera pamzere. Wina anaponya chithumwa cha m'chiuno, wina botolo la mafuta akuda, mkulu wina anaponya kolona nayamba kulira. Chilichonse chikagwa mumgolo kwaya inkakweza nyimbo ndipo azimayi ankalulutira. Ezelina anakhala pabenchi la akazi a abusa, chikwama atachikumbatira pamimba. Amayi Mildred anali kumbuyo kwake, ndipo ankamva mpweya wawo pakhosi. Akayang'ana kumsewu ankafunafuna Zakeyo. Anamuona pomalizira pake, ataima pafupi ndi golo, atavala malaya oyera, amuna ena angapo atamuzungulira. Sankaimba. Ankangoyang'ana kunsanja.

"Manje," anatero a Bishopu pachokuzira mawu, "kuyeletsa kuyambile m'nyumba ya mtumiki. Abusa a Njobvu a ku Kacholola, bwelani ndi amai."

Anthu anaomba m'manja. Ezelina anakwera nsanja pambuyo pa mwamuna wake. Anamasula chitenje napereka Baibulo m'manja mwa Aaron, akumuyang'ana m'maso. Aaron anayang'ana kumbali. Analiika patebulo, natulutsa lezala, nalivula pepala. Mnyamata wa zokuzira mawu anasendeza maikolofoni pafupi ndi pakamwa pake.

Aaron anatsegula, nafufuza pamene buku loyamba la asanu ndi awiriwo linayambira. Atapapeza anagwira tsambalo ndi zala ziwiri, naliyang'ana mbali iyi, nalitembenuza, naliyang'ananso. Anapita patsogolo, napeza malo ena, nachitanso chimodzimodzi. Kwaya inamaliza nyimbo, inayambanso, kenako inangosiya. Thukuta linkadontha pachibwano chake n'kugwera patebulo.

"Dula, mwana wanga," ananong'ona a Bishopu.

"Atate," anatero Aaron, ndipo mawu ake anamveka bwalo lonse chifukwa cha maikolofoni, "tsamba ili mbali iyi ndi mathelo a buku limene tinawelenga kutchalitchi kwathu Sondo yapita. Kuseli kwake ndi kumene kukuyambila limene mukuti ndidule. Ndipo zigawo zina zili m'kati mwenimweni mwa mabuku athu."

"Dula ndi tsambalo. Mawuwo tili nawo m'Baibulo lathu."

Aaron anaika lezala pamsoko wa bukulo. Ezelina anatseka maso. Anadikira kumva pepala likung'ambika. Chimene anamva chinali kachitsulo kakugwa pathabwa.

"Sindidula," anatero Aaron. Anakweza mutu nayang'ana anthu. "Abale, ine si Mkatolika, ndipo mabuku awa sindilalikila. Koma sindinganame kuti anabwela dzulodzuloli ndi anthu oipa. Akhristu anawawelenga kuyambila kalekale. Baibulo limene tili nalo, mabuku ake anasonkhanitsa ndi anthu, anakangana, anapemphela, anagwilizana patapita zaka zambili. Ndinaphunzila zimenezi ndipo ndinakubisilani. Ngati..."

A Bishopu anakodola ndi dzanja, ndipo maikolofoni inazima. Milomo ya Aaron inkayendabe koma palibe amene anamva. Phokoso linabuka. Ena ankakuwa kuti wagwidwa ndi chiwanda, ena kuti musiyeni amalize. Kuchokera kugolo Zakeyo ndi anzake anayamba kukankha anthu kuti afike kutsogolo, ndipo anyamata osunga bata a mpingo anagwirana manja kuwatsekera njira. Mabenchi anagwa. Mwana wina analira mokweza.

Ezelina anatambasula dzanja kuti atenge Baibulo patebulo, koma wina anamuyambirira. Amayi Mildred anali atakwera nsanja osaonedwa. Analitsomphola ndi manja awiri.

"Ngati abusa akuopa, ife sitiopa!" anakuwa, naliponya mumgolo.

Ezelina sanaganize chilichonse. Analumpha pansanja, nagwada ndi bondo limodzi, nadzuka, napisa dzanja lamanja m'moto. Anagwira kanthu kena kotentha nakataya, napisanso mpaka m'chigongono. Ulendo uno anagwira chikuto. Analitulutsa likuyaka m'mbali nalipanikiza pachifuwa, ndipo bulauzi yake inagwira moto. Anamva fungo la nsalu ndi la khungu lake lomwe. Kenako china cholemera chinamukuta, nagwa nacho pansi. Anali Aaron, atamufunditsa jekete, akumenya malawi ndi manja ake.

"Lekani! Nonse lekani!" Awa anali a Bishopu, opanda chokuzira mawu, koma liwu lawo linamveka. Anatsika pansanja mofulumira kuposa mmene thupi lawo linkalolera. Ataona dzanja la Ezelina anatembenuza nkhope, naitana dalaivala wawo. "Bweletsa galimoto pompano. Apite kuchipatala."

Zakeyo anali atabowola mpanda wa anyamata aja, malaya atang'ambika, mlomo ukutuluka magazi. Anafika nkhonya ili m'mwamba, koma atapeza mlamu wake atagwada m'fumbi, atanyamula mutu wa mlongo wake, anaitsitsa. Anamunyamula awiriwo, wina kumapewa wina kumiyendo. Ezelina sanalole kuti wina amulande Baibulo ngakhale m'galimoto.

Kuchipatala anamutsuka dzanja, namudzoza mankhwala, namukulunga bandeji mpaka m'chigongono. Ululu weniweni unayamba pamenepo, ndipo analuma chitenje kuti asakuwe. Anamugoneka m'wodi ya azimayi. Aaron anakhala mbali iyi ya bedi, zikhatho zake zili matuza okhaokha. Zakeyo anaima mbali inayo. Baibulo linali pakabati kakang'ono. Chikuto chinali chitakwinyika, masamba oyambirira atapsa, ena onse atada m'mphepete, koma m'kati mawu ankawerengeka.

"Mlamu," anatero Zakeyo patapita nthawi, "ndinabwela kudzakuthyolani nsagwada."

"Ndinakuonani pagolo paja."

"Ndiye munakana chifukwa cha ine?"

"Ayi. Ndikanadula bwenzi mutandimenya kamodzi n'kupita. Koma ine ndikanakhala nazo mpaka kalekale."

Zakeyo anang'ung'udza, natambasula dzanja kukabati. "Ili ndikupita nalo ku Minga. Kwa anthu awa silingakhale."

"Lisiyeni," anatero Ezelina.

"Mlongo, waona wekha zimene..."

"Alongo, inu munatenga munda ndi njinga. Ili ndinapempha ndine, ndipo pamoto ndalichotsa ndine. A Bishopu akulifuna chifukwa ndi la Akatolika, inunso mukulifuna chifukwa ndi la Akatolika. Ine ndikulifuna chifukwa ndi la amai. Lisiyeni pomwepo."

Zakeyo anabweza dzanja. Anakhala pang'ono, kenako anatuluka kukafunafuna anzake kuti abwerere kwawo kusanade.

A Bishopu sanabwere kudzamuona, ngakhale anatumiza akazi awo ndi chakudya. Ezelina atatuluka m'chipatala, akuluakulu a mpingo anafika ku Kacholola ndi mawu akuti Aaron waimitsidwa, ndipo adzabwezedwa paguwa akadzaima pamaso pa mpingo n'kunena kuti analankhula mosokonezeka. Za amayi Mildred sanatchulepo kanthu. Aaron anapempha kuti akaonane ndi a Bishopu maso ndi maso. Anapita ku Petauke, nakhala pakhonde la ofesi tsiku lonse, koma sanamulowetse. Anabwera madzulo, nakhala pamwala kuseri kwa nyumba, nalira ngati pamaliro. Ezelina anakhala pambali pake. Mumtima mwake munali kunyada ndi mwamuna wake, komanso mkwiyo woti anadikira mpaka lezala litafika pamsoko, ndipo sankadziwa kuti chachikulu n'chiti.

Mwezi usanathe anatuluka m'nyumba ya mpingo. Anapeza kachipinda kuseri kwa golosale ina pafupi ndi msewu waukulu, ndipo mwana wawo Tiwonge atabwera kutchuthi ankagona kwa azakhali ake chifukwa malo analibe. Ezelina anayamba kugulitsa nthochi kwa anthu a m'mabasi. Zala zake ziwiri sizinawongokenso bwino, choncho Aaron ndi amene ankapita kukapikula mikoko n'kuidula. Anthu ena a mpingo akawaona ankawolokera tsidya lina la msewu. Zakeyo anabwera kudzanena kuti ku Minga khomo n'lotsegula, Aaron akhoza kuyamba kalasi n'kulowa Chikatolika. Aaron anathokoza nakana. Anati iye akadali wa chikhulupiriro chomwe chija, kungoti alibe guwa.

Tsiku lina masana, Aaron akuyala nthochi pathandala, kunabwera mtsikana wina wa m'kwaya ya mpingo wawo wakale, dzina lake Christabel. Anaima chapatali, akuyang'ana uku ndi uku ngati akuopa kuonedwa. M'manja anali ndi Baibulo lake laling'ono la zipi.

"Abusa," anatero.

"Sindinenso mbusa, Christabel. Ukufuna nthochi?"

"Ayi. Ine kuyambila tsiku lija sindikutha kuwelenga. Kale ndikatsegula ndinkamva ngati Mulungu akulankhula nane. Manje ndikatsegula ndimangoganiza kuti anasankha ndi anthu, nanga ngati analakwitsa? Ndafunsa abusa atsopano, andiuza kuti ndisale kudya. Ndasala, koma funso silikuchoka. Munatiuzilanji?"

Ezelina anaona mwamuna wake akufota nkhope. Aaron anaika mpeni pansi, napukuta manja pathalauza.

"Sindikudziwa ngati ndinachita bwino kunena pabwalo paja, pakati pa phokoso," anatero. "Koma sindinaname. Khala apa."

Anamukokera kreti ya mabotolo kuti akhalepo, iye nakhala pa ina. Anayamba kumufotokozera kuyambira pachiyambi, pang'onopang'ono, mmene mipingo yoyamba inkalandirira makalata n'kumawawerenga pamsonkhano, mmene inkakoperana ndi manja, ndi zimene atsogoleri ankayang'ana asanavomere buku. Anamuuzanso chifukwa chimene iye mwini ankakhulupirirabe kuti Mulungu amatha kugwira ntchito ndi anthu okangana. Christabel ankamudula mawu ndi mafunso. Ena Aaron ankayankha, ena ankangoti sakudziwa.

Basi ya ku Chipata inaima, ndipo Ezelina anasenza beseni ndi dzanja lamanzere nathamangira kumawindo. Pobwera anawapeza atatsegula Baibulo la zipi lija, mitu ili pamodzi, Aaron akuloza ndi chala. Christabel anachoka dzuwa litapendeka. Sananene ngati wakhutira kapena ayi, anangothokoza natenga nthochi ziwiri zimene Ezelina anamupatsa.

Lamlungu lotsatira Ezelina anamuona akudutsa tsidya lina la msewu ndi anzake a kwaya, atavala yunifolomu, akupita ku Kasupe wa Chisomo. Anzakewo anayang'ana kutsogolo. Christabel anatsalira pang'ono, nakweza dzanja kuwapatsa moni, kenako anathamanga kukawapeza anzake.